Kuphunzitsa Nkhani Yaifupi Yosautsa Mtima

Pa 26 June 1948 magazini ya ku America yotchedwa The New Yorker inasindikiza nkhani yaifupi ya Shirley Jackson, mutu wake "The Lottery". Ikunena za mudzi wa anthu pafupifupi 300 amene asonkhana pabwalo m'mawa kudzachita maere monga achitira chaka ndi chaka. Ana akutola miyala, abambo akucheza za mvula ndi misonkho. Maere agwera mayi wina, Tessie Hutchinson, ndipo anansi ake ayamba kumugenda kuti afe. Ngakhale kamwana kake kapatsidwa timiyala.

Owerenga anapsa mtima, ena mpaka analeka kugula magaziniyo. Jackson anafotokoza pambuyo pake kuti mwa makalata oposa 300 amene analandira m'miyezi yotsatira, 13 okha ndiwo anali ndi mawu okoma. Panalinso ena amene anangofuna kudziwa kumene maere otere amachitikira, ndiponso ngati kunali kotheka kupita kukaonerera.

Tsono chinawasautsa n'chiyani, popeza m'nkhanimo mulibe mzukwa kapena chilombo? Ophunzira athu anazolowera nthano zimene chilombo chimadziwika ndipo pamapeto chimalangidwa. Muno opha munthu ndi anthu wamba, aulemu, ofulumira kuti akadye chakudya chamasana. Wolemba sawadzudzula. Tessie yemweyo satsutsa mwambowo kufikira utagwera banja lake, ndipo pamenepo afuna kuti mwana wake wamkazi wokwatiwa alowe nawo m'maere. Wowerenga asowa woti amuloze chala, choncho mkwiyo wake ugwera wolemba.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi mudzaona zomwezi m'kalasi. Ena adzaseka, ena adzangoti duu, wina adzanena kuti nkhaniyo sinathe. Mphunzitsi watsopano amachita mantha ndi bata lotere, nathamangira kumasulira tanthauzo. Kutero n'kulanda ophunzira ntchito yawo. Werengani ndi mawu wamba, osaopseza, ndipo mukatha dikirani pang'ono. Kenaka funsani kuti, "Ndi pati pamene munayamba kumva kuti zinthu sizili bwino?" Abwerere okha kutsamba loyamba akapeze mulu wa miyala uja, ndi abambo aja amene aima patali nawo, akumwetulira m'malo moseka. Apa ndi pamene phunziro la luso la wolemba liyambira.

Komabe dziwani kalasi lanu musanasankhe nkhaniyi. Mwina muli mwana amene anaonapo khamu likumenya munthu womuganizira kuba kapena ufiti. Auzeni onse poyamba kuti nkhaniyo ndi yolemera, ngakhale simuwulula mathero ake, ndipo wosafuna kulankhula aloledwe kulemba maganizo ake m'kope.