Mwana Akamasambira Pampikisano: Zoyenera ndi Zosayenera

Mu 2016 kanema wa ABC ku Australia anaonetsa sewero la magawo anayi lotchedwa Barracuda, lochokera m'buku la Christos Tsiolkas la mu 2013. Mwini nkhani ndi Danny Kelly, mnyamata wa ku Melbourne. Bambo ake amayendetsa thiraki, mayi ake amakonza tsitsi, ndipo iye wapeza malo pasukulu ya ana a mpondamatiki chifukwa cha liwiro lake m'madzi. Mtima wake wonse uli pa Olimpiki ya ku Sydney ya mu 2000, koma sakasambirako. Chimandiwawa n'chakuti akuluakulu omuzungulira amamukonda ndithu, komabe palibe amene anamukonzekeretsa za tsiku logonja. Makolo ndi makochi, izi ndi zanu.

Choyenera: mwana akatuluka m'madzi, mufunseni ngati wazizidwa, ngati ali ndi njala.
Chosayenera: kuyamba ndi funso loti, "Wamaliza pa masekondi angati?"

Muyang'aneni bwino. Magalasi osambirira asiya mizere yofiira kuzungulira maso, tsitsi likununkha mankhwala a m'dziwe, mapewa akunjenjemera m'kati mwa thaulo. Nthawi yake waiona kale pabolodi asanapezenso mpweya, ndipo wadziweruza yekha. Masewero awa ndi ouma mtima. Pa Olimpiki ya ku London mu 2012, Chad le Clos wa ku South Africa anagonjetsa Michael Phelps pa mamita 200 ndi masekondi 0.05 okha, kanthawi kosakwana kuphethira. Ngati kumwetulira kwa mayi kudalira kanthawi koteroko, mwanayo alibe pothawira.

Choyenera: nkhani ya ndalama ikhale ya akuluakulu.
Chosayenera: kumuwerengera mwana zimene mwawononga.

"Timadzuka m'bandakucha chifukwa cha iwe. Mafuta a galimoto, zovala, ndalama ya kochi, zonsezi ndi iwe." Mawuwa ndi oona, koma akalankhulidwa amasanduka ngongole, ndipo mwana wa zaka 14 alibe chobwezera china koma kupambana. Danny akudziwa kuti desiki yomwe amakhalira pasukulupo anaigula ndi mikono yake. Anzake akagonja amabwerera kunyumba zawo zikuluzikulu, moyo n'kupitirira. Iye akagonja amaona ngati wabera makolo ake. Choipitsitsa, amayamba kuchita manyazi ndi kwawo, kumasirira banja la mnzake Martin Taylor. Pamenepa seweroli linalasa: mwana wosauka waluso amasambira atasenza banja lonse kumsana ngati thumba la chimanga.

Choyenera: kumudziwa kochi, kumafika pa maphunziro nthawi zina, kumva mmene amalankhulira ndi ana.
Chosayenera: kumupereka mwana ngati mwamugulitsa, n'kumati, "Akochi ndiwo akudziwa."

Frank Torma, kochi wa m'seweroli, ndi wolusa pakamwa koma amamufunira Danny zabwino. Si onse otero. Mu 2021 Maddie Groves, yemwe anapata mendulo ziwiri za siliva pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016, anakana kupikisana pa mayeso osankhira timu ya Australia podandaula ndi mmene atsikana amachitidwira m'masewerowa. Bungwe la Swimming Australia linakhazikitsa gulu lofufuza, ndipo mwa zina gululo linalangiza kuti asiye kuyeza mafuta a m'thupi potsina khungu la osambira. Tangoganizani msungwana wotha msinkhu kumene, ataima m'kachovala kosambirira, munthu wamkulu akumutsina pamimba n'kumalemba manambala anzake akuonerera. Mukamva kuti mwana wanu akuyezedwa pasikelo pagulu, kapena wayamba kusiya nsima m'mbale popanda chifukwa, musadikire. Pitani mukafunse.

Choyenera: phewa likamapweteka, kuchipatala.
Chosayenera: kumuuza kuti "limba mtima, amuna salira."

Missy Franklin wa ku America anatenga mendulo zinayi za golide mu 2012 ali ndi zaka 17. Mu 2018 anasiya kusambira ali ndi zaka 23, mapewa atamukana.

Choyenera: kutchera khutu mwana akangoti zii, akasiya kugona, akamapsa mtima ndi tinthu tating'ono.
Chosayenera: kuganiza kuti akapambana zonse zitha.

Ambiri timalakwa pamenepa, chifukwa timaona ngati vuto la Danny linali kugonja basi. Nanga Ian Thorpe, amene anachita zomwe Danny ankalota? Anatenga golide zitatu ku Sydney komweko ali ndi zaka 17, dziko lonse likumuimbira m'manja, koma m'buku lake la mu 2012 anaulula kuti wakhala akulimbana ndi matenda ovutika maganizo kwa zaka zambiri. Phelps, mwini golide 23, ananena poyera kuti atachoka ku London anafika posafunanso kukhala ndi moyo. Adam Peaty wa ku Britain anayamba wapuma mu 2023 pa chifukwa chomwecho. Anthu awa ankatha maola ochuluka tsiku lililonse nkhope ili m'madzi, akuyang'ana mzere wakuda wa pansi pa dziwe, osalankhula ndi munthu. Mwana wotere amazolowera kusunga zinthu mumtima. Muyambeni ndinu, ndipo zikakula mupezereni mlangizi kapena dokotala.

Choyenera: kumusiyira zina zoti azikonda: sukulu, kwaya, anzake osadziwa n'komwe kusambira.
Chosayenera: kumutcha "katswiri wathu" mpaka dzina lake kuiwalika.

Pa Olimpiki dziko limaloledwa osambira awiri okha pa mpikisano uliwonse wa munthu payekha. Wachitatu, ngakhale akhale waluso chotani, amaonerera pakanema. Choncho ana ambiri amene akudzuka usiku lero sadzafikako, ndipo si mlandu wawo. M'bukuli mkwiyo wa Danny umamufikitsa kundende, ndipo pambuyo pake amapeza ntchito yosamalira anthu olumala. Ndikadakonda akadaipeza njira imeneyo osadzera kundende. Mwana wanu akadzati, "Amayi, ndatopa, sindikufunanso," khalani naye pansi mumve. Mwina akufuna kupuma mwezi umodzi, mwina watsimikiza. Zonse ziwiri muzilole.