Kodi malungo amamwa magazi?

Funso: Adokotala, kwathu kuno ku Domasi tayandikana ndi minda ya mpunga, udzudzu ndi wosaneneka. Mwana wanga akadwala malungo zikhatho zimayera mbee. Kodi tizilombo ta malungo timamwa magazi?

Yankho: Mayi, sitimwa, timadya. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'selo lofiira la magazi, kamagaya hemoglobin, chinthu chofiira cha m'selomo, kuti kapeze ma amino acid, njerwa zomangira thupi lake. Njerwa imodzi, isoleucine, mu hemoglobin mulibe, choncho kamaitapa kunja kwa selolo. Zotsalira za chakudyacho ndi poizoni, ndiye kamaziumitsa kukhala timibulu takuda. Chloroquine ankasokoneza ntchito imeneyi, koma tizilombo titamuzolowera, Malawi adamusiya mu 1993.

Maselo ofiirawo akaphulika, magazi amachepa, n'chifukwa chake zikhatho zimayera. Musachedwe, mayi, thamangani naye kuchipatala akamuyeze, ndipo akapatsidwa mankhwala a LA amalize masiku 3 onse.