Makina Akamalankhulana Okha: Phunziro la Malonda Otetezeka a pa Intaneti

Wamalonda amene akufuna laisensi ya golosale yake amayenda maulendo angapo. Amayamba watenga fomu ku ofesi ya zamalonda, kenaka amapita kubanki kukalipira, n'kubwerera ndi kapepala ka kubankiko ku ofesi ya zachuma, kumene kalaliki amalemba risiti. Malo ambiri mwa amenewa ali ndi kompyuta, zina zamakono ndithu. Vuto n'lakuti makinawo sadziwana. Wonyamula uthenga pakati pawo ndi munthu amene ali ndi pepala m'manja, ndipo pamene pepala likusintha manja m'pamene ndalama za khonsolo zimachedwa, zimasokonekera, nthawi zina n'kusowa kumene.

Phunziro la mwezi uno likufotokoza njira imene mabanki, makampani ndi maboma ambiri amatsata pothetsa vutoli. Akatswiri amatchula mawu awiri: web services ndi service-oriented architecture. Mawuwa ndi olemera pakamwa, koma nkhani yake si yachilendo kwa aliyense amene adaimapo pamzere wa pa kauntala.

Zenera limodzi, funso limodzi

Web service ili ngati zenera limene pulogalamu ya kompyuta imatsegulira pulogalamu inzake kudzera pa intaneti. Pazeneralo pamafunsidwa funso lodziwika, m'kalembedwe kogwirizana kale, ndipo yankho limabweranso m'kalembedwe kodziwika. Kalembedweko kamakhala ka XML kapena JSON, ndipo malamulo a kafunsidwe amatchedwa API. Makina a khonsolo atha kufunsa a kubanki kuti: kodi malipiro a nambala yakutiyakuti alowa? Yankho limakhala inde kapena ayi, kuchuluka kwa ndalamazo ndi nthawi imene zalowa. Wofunsayo salowa m'chipinda cha banki, saona maakaunti a anthu ena, ndipo safunika kudziwa mtundu wa makina amene bankiyo imagwiritsa ntchito.

Service-oriented architecture ndi kamangidwe ka ntchito yonse motsatira nzeru yomweyo. M'malo mogula chimakina chimodzi chochita zonse, ntchito imagawidwa m'mazenera angapo: lotsimikiza kuti munthu ndi iyeyo, lolandira malipiro, lotulutsa risiti, lolemba m'mabuku a zachuma. Zenera lolandira malipiro likamangidwa kamodzi, limatumikira laisensi ya bizinesi, chiphaso cha pamsika, msonkho wa nyumba ndi lendi ya holo. Khonsolo ikasintha banki, imakonza zenera limodzi lokha, zina zonse n'kumayenda monga kale.

Amalawi ambiri amagwiritsa kale ntchito nzeru imeneyi osaitchula dzina. Kuyambira mu 2015, National Switch idalumikiza makina a mabanki, mwakuti khadi ya banki ina imatulutsa ndalama pa ATM ya banki inzake. Wogula mayunitsi a magetsi pa Airtel Money kapena Mpamba amalandira nambala yake nthawi yomweyo chifukwa makina a kampani ya foni afunsa makina ogulitsa magetsi, n'kuyankhidwa, popanda kalaliki pakati.

Chitsanzo chotchuka cha boma ndi dziko la Estonia, la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, limene lidakhazikitsa njira yotchedwa X-Road mu 2001. Kumeneko sadaunjike zonse m'nkhokwe imodzi. Ofesi iliyonse imasunga kaundula wake, ndipo kutsogolo kwake kuli makina olondera amene amatsimikiza wofunsa, kusainira uthenga, kuudinda nthawi ndi kusunga mbiri yake. Finland idatengera njira yomweyo, ndipo pulogalamuyi idaperekedwa poyera kuti aliyense aigwiritse ntchito. Chofunika kutolapo si dzina la pulogalamuyo ayi, koma mwambo wake: ofesi sipempha nzika kukatenga pepala la zinthu zimene boma lili nazo kale.

Chitetezo chili pati?

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa zenera lililonse lotsegulidwa ndi khomonso limene mbala ingayese. Loko woyamba ndi kubisa uthenga panjira. Makina awiri akamalankhulana kudzera mu TLS, njira yomwe ija imaoneka pa adiresi yoyamba ndi https, womvetsera pakati amangoona zilembo zopanda tanthauzo. Koma kubisa kokha sikukwanira. Makina ofunsa ayenera kuonetsa setifiketi yotsimikiza kuti ndi a khonsolodi, ndipo oyankha aonetsenso yawo. Popanda zimenezi, kathyali atha kutumiza uthenga wonama wakuti malipiro alowa, makina n'kutulutsa risiti ya ndalama zimene palibe adalipira.

Chinthu china n'chakuti zenera lipereke zokhazo zofunika. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Khonsolo imene ikufuna kutsimikiza wopempha laisensi sifunika kope la kaundula yenseyo. Ingofunika yankho lakuti nambala ndi dzina zikugwirizana. Zimene ofesi sidasunge, mbala singabe pa ofesipo.

Koma loko wamkulu koposa ndi mbiri yosafufutika. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 idaphunzitsa dziko kuti kompyuta payokha si mlonda. Mabiliyoni a makwacha adatuluka kudzera m'makina a boma a IFMIS, ndipo malipiro achinyengo ankafufutidwa m'makinamo ndalama zikatuluka. Kumene ntchito yagawidwa bwino, uthenga uliwonse umasiya phazi mbali ziwiri, kwa wofunsa ndi kwa woyankha. Wofufuta mbali imodzi amagwidwa ndi mbali inayo, malinga ngati pali munthu amene tsiku ndi tsiku amayerekeza mabuku a khonsolo ndi a banki. Ntchito yoyerekezayi ndi yotopetsa, ndipo ndi imene imayamba kusiyidwa anthu akazolowera kukhulupirira makina. Chimodzimodzinso chizolowezi chobwerekana mawu achinsinsi mu ofesi: anthu asanu akamalowa pa dzina limodzi, mbiri imakhalapo koma siloza aliyense.

Pali kanthu kena kooneka kakang'ono kamene kamavuta kumadera a netiweki yodukaduka. Mayi wogulitsa tomato walipira chiphaso cha pamsika pa foni, netiweki yaduka yankho lisanafike, makina n'kutumizanso uthenga womwewo. Ngati zenera silidamangidwe bwino, mayiyo amadulidwa kawiri, kapena khonsolo imalemba ndalama zimene sidalandire. Mankhwala ake ndi akuti malipiro alionse akhale ndi nambala yakeyake, kuti uthenga ukabwera kachiwiri makina auzindikire n'kungobwereza yankho loyamba. Wamalonda wodulidwa kawiri sabwereranso ku foni. Amabwerera ku kapepala, ndipo amauza anzake onse pamsikapo.

Malamulo alipo kale

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limavomereza mauthenga ndi masiginecha a pa kompyuta, komanso limaika zilango kwa olowa m'makina a ena popanda chilolezo. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024 limamanga aliyense wosunga mbiri za anthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene lidapatsidwa udindo woyang'anira. Khonsolo imene ikusunga maina, manambala a foni ndi a ziphaso za amalonda ili pansi pa lamuloli mofanana ndi banki.

Pogula makina

Zambiri mwa izi zimatheka kapena kulephereka pa tsiku losainira mgwirizano ndi kampani yogulitsa pulogalamu. Makhansala ndi komiti yogula katundu safunika kudziwa kulemba mapulogalamu, koma ali ndi ufulu wofunsa. Kodi makinawa ali ndi API yolembedwa bwino, yakuti katswiri wina aliyense angaiwerenge? Kodi kaundula ndi wa khonsolo kapena wa kampani, ndipo mgwirizano ukatha adzatuluka m'kalembedwe kotani? Makiyi a makinawo akusunga ndani? Funso lotsirizali si lamasewera. Mu February 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, ndipo mtsogoleri wa dziko adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowa m'makina ndipo akufuna dipo. Ofesi imene ilibe kope lakelake la kaundula, losungidwa kwina ndi loyesedwa kuti limagwiradi ntchito, imakhala m'manja mwa amene wagwira makiyi.

Si nzeru kuyamba ndi zonse pakamodzi. Malo abwino oyambira ndi ntchito imodzi yobweretsa ndalama tsiku lililonse, monga ziphaso za pamsika umodzi, yolumikizidwa ku akaunti imodzi. Kwa miyezi yoyamba makina ndi buku la risiti ziyendere limodzi, ndipo kusiyana kulikonse pakati pa ziwirizi kufotokozedwe pamaso pa komiti ya zachuma. Mgwirizanowo unenenso momveka chimene wotolera ziphaso adzachite tsiku limene magetsi athima kapena netiweki yasowa kuyambira m'mawa mpaka msika kuweruka.