Usanagule Kagalimoto, Katembenuze Kaye

Mphwanga, amayi ako andiuza kuti ndalama zako zonse za ganyu zikuthera pa timagalimoto tachitsulo, ndipo akufuna kuti ndikuletse. Ine sindikuletsa. Koma zomwe ndamva zoti pawindo la chipinda chako mwandanda mabasi, ndege, mathirakitala ndi magalimoto ampikisano, akulu ndi aang'ono pamodzi, zandiuza kuti sunayambe kusonkhanitsa, ukungounjika. Wosonkhanitsa weniweni amadziwika ndi zomwe wazisiya pamsika ndalama ili m'thumba.

Ukatola kagalimoto pamulu wa zidole za kaunjika, usayambe ndi kusirira penti. Katembenuze. Kumimba kwake kwalembedwa dzina la kampani, dziko lomwe kanapangidwira, nambala yake, nthawi zina sikelo ndi chaka. Wogulitsa akhoza kulumbira kuti n'kakale kwambiri, koma zolembedwa pansipo sizimuthandiza kunama ngati iwe ukudziwa mbiri pang'ono.

Tenga Dinky Toys. Kampani ya Meccano, yomwe anayambitsa Frank Hornby, inayamba kupanga timagalimoto timeneti mu 1934 ku fakitale ya pa Binns Road mumzinda wa Liverpool, poyamba ngati tokongoletsera m'mbali mwa njanji zake zoseweretsa. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1979. Ndiye ukaona Dinky wonyezimira ngati wapangidwa dzulo, bokosi lake lachikasu lopanda ngakhale khwinya, pansi palembedwa China, dziwa kuti ndi wopangidwanso posachedwapa, monga aja inkagulitsa kampani ya Atlas. Si woipa ayi, ndipo pashelefu amakhala bwino. Kungoti usamulipire mtengo wa agogo ake.

Matchbox nayo ili ndi zizindikiro zake. Inayamba mu 1953 ndi kampani ya Lesney ya ku London, ndipo ndalama zoyambira zinachokera ku kangolo kachifumu komwe anagulitsa toposa miliyoni imodzi chaka chomwe Mfumukazi Elizabeth ankavekedwa ufumu. Lesney inagwa mu 1982. Kagalimoto kolembedwa Lesney ndi England n'ka zaka za pakati pa 1953 ndi 1982. Zapambuyo pake zinayamba kuchokera ku Macau, kenako Thailand ndi China. Matayala nawo amaulula zaka. Mu 1968 Mattel ya ku America inatulutsa Hot Wheels, zokhala ndi ekiselo yopyapyala ngati waya, zomwe ukangozikankha zimathamanga mpaka kukagunda khoma. Ana anazithamangira, malonda a Lesney anatsika, ndipo mu 1969 nawonso anasintha matayala n'kuwatcha Superfast. Matchbox ya matayala aang'ono olimba, pa ekiselo yokhuthala, yoyenda monyinyirika, ndiyo yakale zedi.

Pali msampha umodzi womwe umakola pafupifupi aliyense woyamba kumene. Chaka cholembedwa pansi pa Hot Wheels kapena Matchbox nthawi zambiri si chaka chomwe kagalimoto kali m'manja mwakoko kanatuluka m'fakitale. Ndi chaka chomwe kampani inalembetsa kapangidwe kake. Chikombole chimodzi chimagwira ntchito zaka makumi angapo, kotero kagalimoto kolembedwa 1969 kakhoza kukhala kamng'ono kwa iwe. Yang'ana dziko, matayala ndi mtundu wa penti, zonse zivomerezane.

Ukadali pansi pomwepo, yang'anitsitsa timisomali tomwe timalumikiza thupi ndi tsinde. Ku fakitale amatiphwanya mutu ndi makina, timakhala tozungulira bwino, tosalala. Ukapeza pali guluu kapena mutu wooneka kuti unaboolapo munthu, kagalimotoko kanatsegulidwapo, ndipo nthawi zambiri amakatsegula kuti akapentenso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yatsopano imakhala yokhuthala, imakwirira mizere ya zitseko, imafika mpaka pa ekiselo, mwinanso imanunkha. Kwa anthu odziwa, kagalimoto kokalikakalika koma kokhala ndi penti yake ya kufakitale kamaposa kopentedwanso mwaluso. Choncho nawenso manja akamakuyabwa kuti ugule kachitini ka penti, dziletse. Chomwe ungakonzenso ndi chigoba chotheratu cha mtundu wopezeka paliponse, ndipo tsiku lomwe udzachigulitse kapena kusinthanitsa udzanene poyera kuti penti ndi yako. Anthu a masewerawa ndi ochepa ndipo amadziwana. Ukanamiza mmodzi, mawa onse amva.

Chitsulo chakecho ndi chosakaniza, amachitcha zamak: zinki wambiri, aluminiyamu pang'ono, kenako magineziyamu ndi kopa. Amachisungunula n'kuchikankhira mwamphamvu m'chikombole. Sichichita dzimbiri lofiira, koma chili ndi nthenda yakeyake. Ngati posungunula munalowa mtovu ngakhale pang'ono, patapita zaka chitsulocho chimayamba kufufuma, kuchita ming'alu, n'kumayoyoka chokha. Ma Dinky opangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe ndi omwe anavutika nayo kwambiri, komabe imapezekanso pa ena atsopano. Mankhwala ake palibe. Sipatsirana, koma chinyezi chimaifulumizitsa. Ukaona timing'alu ngati tapansi pa dambo louma, penti itatupa matuza, chitseko chikukana kutsekeka, kasiye pomwepo ngakhale akutsitsire mtengo.

Tsopano za pawindo paja. Chotsapo lero. Dzuwa lathu limasandutsa penti yofiira kukhala yotuwa, magalasi apulasitiki amachita chikasu, matayala a labala amauma n'kung'aluka. Kabati yagalasi yotsekeka, kutali ndi windo ndiponso ndi utsi wa kukhitchini, ndiyo malo ake. Fumbi la mu Okutobala uzichotsa ndi burashi yofewa. Petulo, thinala kapena sipiriti asayandikire. Amadya penti ndi zomatamata. Miyezi ya dzinja uzitsegula kabati nthawi ndi nthawi, ndipo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato usamataye.

Mabokosi ndiye nkhani ina. Kwa timagalimoto takale, bokosi lenileni likhoza kukweza mtengo kuwirikiza, chifukwa mwana aliyense ankaling'amba tsiku lomwelo. Kuno kwathu adani ake ndi chiswe ndi mphemvu. Usawasanje pansi kapena kutsamiritsa kukhoma. Aike m'chigoba chapulasitiki chotseka bwino. Tizidutswa ting'onoting'ono tizikhala momwemo. Corgi, yomwe inayamba mu 1956 ndi fakitale ku Swansea n'kutchuka chifukwa choika magalasi m'mawindo pomwe Dinky inali ndi mabowo chabe, inatulutsa mu 1965 Aston Martin DB5 ya James Bond, nambala 261. Ukadina kabatani denga limatseguka, kamunthu kokhala pampando n'kuulukira kunja. Anagulitsa zambirimbiri, ndipo zigoba zake zikadalipo zochuluka, koma kamunthu kaja kanathera pansi pa mipando ya m'nyumba za ku Britain. Yokhala ndi kamunthu kake, bokosi ndi timapepala take ndi yomwe anthu amalimbirana pa okushoni.

Izi zikundifikitsa pa ndalama, pomwe amayi ako ali ndi mfundo. Udzawerenga pa intaneti za kagalimoto kogulidwa pamtengo wa nyumba, mtima n'kuyamba kugunda. Zakale zija zinakwera mtengo chifukwa palibe ankazisunga. Zinali zidole, ana anazikwirira mumchenga. Zamasiku ano zolembedwa kuti zapangidwa zochepa, aliyense wogula amazisunga m'pepala lake osatsegula, ndiye zidzasowa bwanji? Kuyambira 1995 Hot Wheels imabisa timagalimoto tina tapadera totchedwa Treasure Hunt pakati pa tinzake, ndipo akuluakulu andevu amapikula mashelefu m'masitolo kutisaka. Ndi malonda ochenjera, ndipo wopindula kwambiri ndi kampani. Onjezapo zathu zakuno: ndalama zakunja zosowa, mtengo wotumizira womwe nthawi zina umaposa wa katunduyo, msonkho wa kasitomu, ndiponso kuchepa kwa anthu oti n'kudzakugula ukapanikizika. Ndalama ya fizi kapena ya lendi isalowe m'kabatimo. Katapila chifukwa cha kagalimoto ndiye usayerekeze n'komwe.

Chomwe chingakupulumutse ndi kudziikira malire awiri. Oyamba ndi sikelo. Galimoto yotalika mamita 4.3 imakhala masentimita 10 pa sikelo ya 1:43, yomwe inachokera ku njanji zoseweretsa zija. Pa 1:18, monga zambiri za Bburago ndi Maisto, imafika cha m'ma sentimita 24, zitseko ndi boneti zimatseguka, injini imaoneka, koma khumi zokha zadzaza kale kabati. Pa 1:64 ndi kachinthu kokwana m'thumba la malaya. Matchbox zakale sizinkasamala sikelo: basi ndi kagalimoto kakang'ono zinkafanana kutalika, bola zikwane m'kabokosi. Kwa munthu wokhala m'chipinda chimodzi ngati iwe ndingasankhe 1:43, chifukwa Peugeot ikaima pafupi ndi Land Rover zimaoneka monga zinkaonekera pamsewu.

Malire achiwiri ndi mutu, ndipo apa ndili ndi maganizo anga omwe sindibisa. Ferrari ndi Lamborghini zili m'kabati ya aliyense kuyambira Tokyo mpaka London, ndipo anthu a ndalama adzakuposa nthawi zonse. Bwanji osatsata magalimoto omwe anapondadi fumbi lathu? Peugeot 404 ndi 504, Land Rover yakale ya maboma ndi amishoni, malole a Bedford, Beetle, Datsun 120Y. Dinky ya ku France inapanga 404, Solido ndi Norev anapanga ma Peugeot ambiri, Corgi ndi Matchbox anapanga Land Rover ndi Bedford, Tomica ya ku Japan, yomwe inayamba mu 1970, ili ndi ma Datsun ndi Toyota. Mpikisano wa East African Safari ndi mutu wina wokoma: 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, Datsun 240Z mu 1971 ndi 1973, 504 mu 1975. Corgi inapanganso Beetle ya mpikisanowu, yogulitsidwa pamodzi ndi kachipembere kapulasitiki. Kabati yotere agogo ako akaima patsogolo pake adzayamba okha kukuuza omwe anali ndi galimoto yoyamba pa boma pathu, ndi mmene ankaikankhira pamatope.

Gula kope. Kagalimoto kalikonse ulembe kampani, nambala, sikelo, komwe unakapeza, mtengo, ndi chilema chilichonse. Pansi pa kabati pazikhala mbale ya timagalimoto totchipa toti ana a alendo aziseweretsa, apo ayi udzadana ndi abale.

Pomaliza, popeza asuweni ako ali ku Joni: cha m'ma 1962, msonkho wa katundu womalizidwa utakwera ku South Africa, Meccano inkatumiza ma Dinky osapenta, osalumikiza, n'kukamalizidwira komweko. Ena anatuluka ndi mitundu yosapezeka kwina kulikonse, ndipo mabokosi ake ali ndi mawu a Chingerezi ndi Chiafrikaans. Anapangidwa ochepa, ndipo osonkhanitsa a ku Ulaya amawafunafuna. Uwauze asuweni akowo kuti akamadutsa m'misika ya zinthu zakale aziyang'ana m'mbali mwa mabokosi achikasu. Akapeza, asalipire kaye. Ajambule bokosi, kumimba ndi timisomali tija, akutumizire pa WhatsApp, ndipo iwe unditumizire ine.