Phunziro 14: Hazel ndi Augustus

Tiyeni tiwerenge.

Hazel ndi mtsikana wa zaka 16. Amakhala mu mzinda wa Indianapolis, ku America. Iye akudwala khansa imene inayambira m'cithokomiro, pakhosi, kenaka n'kufalikira ku mapapo. Cifukwa ca ici Hazel sapuma bwino. Kulikonse kumene apita amakoka botolo la mpweya, ndipo kapaipi kamabweretsa mpweyawo m'mphuno mwake.

Hazel si munthu weniweni. Timamupeza m'buku la acinyamata limene analemba John Green, dzina lake The Fault in Our Stars. Bukuli linatuluka mu 2012, ndipo m'Cipwitikizi mutu wake ndi A Culpa é das Estrelas. Green asanayambe kulemba mabuku anagwirapo nchito yotonthoza ana odwala m'cipatala. Ana otere anawaona ndi maso ake.

Tsiku lina mayi ake anamukakamiza Hazel kupita ku gulu la acinyamata odwala khansa. Kumeneko anakumana ndi Augustus, mnyamata wa zaka 17. Augustus anadulidwa mwendo umodzi cifukwa ca khansa ya m'mafupa, koma pa nthawiyo ankaoneka kuti wacira. Awiriwa anayamba kubwerekana mabuku ndi kuceza pa telefoni usiku.

Aliyense anali ndi mantha ake. Augustus ankaopa kufa asanacite cinthu cacikulu, anthu n'kumuiwala. Hazel ankaopa zina. Ankadziona ngati bomba limene tsiku lina lidzaphulika ndi kuvulaza onse omuyandikira. Nthawi ina atadwala kwambiri anamva mayi ake akulira kuti mwana wao akafa sadzakhalanso mayi wa munthu. Mau amenewa sanacoke mumtima mwake. N'cifukwa cake poyamba anakana cikondi ca Augustus, ngakhale kuti ankamufuna. Ankaganiza kuti akumuteteza.

Pambuyo pake anakwera ndege kupita ku Amsterdam, pamodzi ndi mayi a Hazel, kukaona munthu amene analemba buku limene Hazel ankalikonda. Anakapeza kuti ndi cidakwa camwano. Komabe ulendowo sunapite pacabe, pakuti kumeneko Hazel anavomera cikondi cija. Kumenekonso Augustus anaulula kuti khansa yabwerera ndipo yafalikira thupi lonse.

Apa ndi pamene owerenga ambiri amadzidzimuka. Tonse timayembekeza kuti Hazel ndiye afe, koma wotsogola ndi Augustus. Hazel, amene ankaopa kusiyira ena cisoni, ndiye anatsala naco cisonico. Cinamupweteka kwambiri, koma sanadandaule kuti anamukonda. Atadziwa zimenezi anayamba kuona makolo ake mwa njira ina: nawonso adzalira, koma sadzanena kuti kukanakhala bwino akanapanda kumubereka.

Augustus asanamwalire anaitana Hazel ndi mnzake Isaac ku calici. Anawapempha kuti anene mau a pamaliro ake iye akumva. Kwathu kuno zabwino za munthu timazinena ali kale m'bokosi. Augustus anafuna kuzimva ndi makutu ake.

Bukuli lili ndi pofooka pake. Acinyamata ake nthawi zina amalankhula ngati aphunzitsi, ndipo cipatala ndi mankhwala ali nazo pafupi, zimene odwala ambiri alibe. Koma silinamiza za imfa. Augustus sanafe ngati ngwazi. Anaonda, ankasanza, ankalira, ndipo Hazel anakhala pambali pake.

Mafunso

1. Kodi Hazel ndi Augustus ankadwala matenda anji?
2. N'cifukwa ciyani Hazel anakana cikondi poyamba?
3. Kodi mantha a Augustus akusiyana bwanji ndi a Hazel? Inu mukugwirizana ndi ndani?
4. Kambiranani m'magulu: mnzanu wa m'kalasi akadwala nthawi yaitali, mumapita kukamuona kapena mumacita mantha? Mukafika mumakamba naye zotani?