Nyengo Yabwino Yokachezera Nkhalango ya Liwonde

Mlimi wanzeru sabzala chimanga m'mwezi wa Juni, ndipo msodzi waluso sapalasa bwato panyanja mwera ukuomba. Ntchito iliyonse ili ndi nyengo yake, ulendonso uli ndi nyengo yake. Ana asukulu amene akufuna kukaona nyama kunkhalango ya Liwonde ayenera kuganizira bwino mwezi wonyamukira. Makolo ao amavutika posonkha ndalama zolipirira galimoto. Kungakhale kulakwa kwakukulu ngati anawo atabwerako osaona kanthu chifukwa chosankha nyengo yolakwika.

Nkhalango ya Liwonde ili m'boma la Machinga, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kumwera kwa nyanja ya Malombe. Kutsidya kwa mtsinjewo, chakumadzulo, kuli boma la Balaka. Boma lidakhazikitsa maloŵa kukhala nkhalango yosungirako nyama m'chaka cha 1973. Kuyambira m'chaka cha 2015, bungwe la African Parks lakhala likusamala nkhalangoyi mogwirizana ndi boma. Alendo ena amaloŵera pachipata chimene chili pafupi ndi tauni ya Liwonde. Ena amadzera ku Ulongwe, m'boma la Balaka, nakaoloka Shire pabwato.

M'nkhalangoyi muli njovu, njati, nswala, mphalapala, ngoma ndi njiri. Mumtsinje muli mvuu ndi ng'ona zambirimbiri. Zipembere zidaatheratu kalekale chifukwa cha anthu opha nyama mozembera malamulo, koma m'chaka cha 1993 adabweretsa zina kuchokera ku South Africa. Mikango nayo adaibwezeramo m'chaka cha 2018. Nyama zonsezi zimakhalamo chaka chonse, koma sizioneka mofanana nyengo zonse.

Nyengo ya dzinja imayamba chakumapeto kwa Novembala ndipo imatha mu Malichi kapena mu Epulo. Pa nthaŵi imeneyi nkhalango imabiriŵira mokongola kwambiri. Nswala zimaswa mvula ikangoyamba, pakuti msipu wanthete umakhala paliponse. Mbalame zimachuluka, ndipo zina monga anamzeze zimachokera kutali ku Ulaya kuthaŵa chisanu cha kumeneko. Komabe dzinja lili ndi zovuta zake. Udzu umaŵirira ndi kutalika kotero kuti nyama zimabisika. Madzi amapezeka m'zithaphwi zonse, choncho nyama zimamwazikana, osafika kumtsinje kaŵirikaŵiri. Miseu ya m'nkhalango ndi yafumbi, ndipo mvula ikagwa yambiri galimoto zimatitimira m'matope. Zaka zina kumabwera namondwe, monga wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene adaononga miseu ndi milatho m'chigawo cha kumwera. Udzudzunso umachuluka. Kuwonjezera apo, m'dzinja makolo amatanganidwa ndi ntchito ya kumunda ndipo ndalama zimasoŵa m'mudzi.

Mvula ikatha kumabwera masika, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Anthu amakolola, ndipo m'thumba mwa makolo mumayamba kupezeka kangachepe. Matope amauma pang'onopang'ono, koma udzu umakhala ukadali wautali. Iyi ndi nyengo yabwino yosonkha ndalama ndi kukonzekera ulendo.

Kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti ndi nyengo yachisanu. Kum'maŵa kumazizira, koma masana kumakhala kofunda bwino. Zithaphwi zimayamba kuphwa, udzu umauma, ndipo mitengo ya tsanya, imene ndi yochuluka m'nkhalangoyi, imayamba kuyoyola masamba. Munthu amatha kuona patali. Nyama zimayamba kusendera kufupi ndi Shire, popeza mtsinjewu suphwa chaka chonse. Ng'ona zimatuluka m'madzi kudzaothera dzuŵa pagombe, kukamwa kuli yasa! Miseu imakhala youma ndipo udzudzu umachepa.

Chilimwe chimayamba mu Sepitembala ndipo chimafika pachimake mu Okotobala ndi Novembala. Madzi amasoŵa kwina konse, choncho magulu a njovu ndi njati amatsikira kumtsinje kudzamwa. Palibe nyengo ina imene nyama zimaoneka zambiri pamalo amodzi kuposa imeneyi. Vuto lake ndi kutentha. Liwonde ili m'chigwa, ndipo mu Okotobala dzuŵa limaswa mtengo. Masana nyama zimausa pamithunzi, ndipo ana aang'ono amalefuka msanga ndi ludzu.

Tsono nyengo yabwino koposa ndi iti? Yankho lake lagona pa chimene mlendo akufuna kukaona. Wokonda mbalame ndi ana a nyama angasankhe dzinja, malinga akhale wokonzeka kuyenda pabwato m'malo mwa galimoto. Wofuna kuona njovu zambiri, amenenso saopa dzuŵa, angadikire Okotobala. Koma kwa ana asukulu, miyezi ya Julayi, Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Sepitembala ndiyo yoyenera. Nyama zimaoneka mosavuta, galimoto sizititimira, kunja sikutentha kwambiri, ndipo makolo amakhala atagulitsako zokolola zao.

Kusankha nyengo ya ulendo si kwa Amalaŵi okha ai. Kudziko la Netherlands, ku Ulaya, kuli mzinda wotchuka wa Amsterdam. Alendo ambiri amapitako mu Epulo, pamene maluŵa otchedwa tulip amachita maluŵa m'minda ya m'dzikomo. Wopitako mu Januwale amakapeza kuzizira koopsa ndi usiku wautali. Nyengo za kumeneko n'zosiyana ndi za ku Malaŵi: pamene ku Liwonde kuli chisanu mu Julayi, ku Amsterdam kumakhala kotentha. Anthu a ku Ulaya amapumula pa ntchito zao m'miyezi imeneyi, n'chifukwa chake ambiri amafika ku Liwonde mu Julayi ndi Ogasiti. Motero sukulu yofuna kupita nyengo imeneyi idziŵitse akuluakulu a nkhalango nthaŵi ikadalipo.

Mwezi ukasankhidwa, pafunikanso kusankha nthaŵi ya tsiku. Nyama zimayendayenda m'mamaŵa ndi madzulo, choncho ndi bwino kulaŵirira. Mwana aliyense atenge madzi akumwa, chipewa ndi chovala chofunda. M'nkhalango saloleza kutsika m'galimoto popanda chilolezo cha mlonda, kudyetsa nyama kapena kutaya zinyalala. Phokoso limathaŵitsa nyama. Akuluakulu adati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Ana amene adekha, nasankha nyengo yoyenera, amabwerera kwao ndi nkhani zokoma zosimbira anzao.

Mafunso

1. Kodi nkhalango ya Liwonde ili m'boma liti, nanga idakhazikitsidwa chaka chanji?
2. Tchulani nyama zinai zopezeka m'nkhalangoyi.
3. Chifukwa chiyani nyama sizioneka bwino m'dzinja? Perekani zifukwa ziŵiri.
4. N'chiyani chimachititsa njovu kutsikira ku Shire m'chilimwe?
5. Fotokozani chifukwa chake mwezi wa Ogasiti ndi woyenera ulendo wa ana asukulu.
6. Kodi nyengo za ku Amsterdam zimasiyana bwanji ndi za ku Liwonde?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mau aŵa: msipu, kuŵirira, kuphwa, kuusa, kulaŵirira.
(b) Pangani ziganizo zanu pogwiritsa ntchito mau atatu mwa mau ali pamwambaŵa.
(c) Lembani ndime imodzi yofotokoza nyengo imene mumaikonda kwanu, ndipo mupereke zifukwa zake.