Gilisalini akazizira koopsa: phunziro la krisitalo ndi galasi

Ana a Fomu 3 ndi 4, mu Physics munaloweza kuti kilogalamu imodzi ya madzi imafuna majoule 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Nambala yotereyi ndi specific heat capacity, ndipo ambiri mumaiyesa chidindo chosasintha. Pamayeso mukhoza nayo, koma zoona zake n'zakuti imatsika chinthu chikamazizira. Pofika madigiri 273 pansi pa ziro, pamene asayansi amayambira kuwerenga makelvin, imakhala itatheratu.

Titenge gilisalini, uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola m'nyengo yachisanu. M'malabotale amasungunulira mankhwala, monga amachitira ndi ethanol kapena toluene. Gilisalini amauma m'njira ziwiri. Mamolekyulu ake atha kufola bwinobwino ngati a mchere. Pamenepo timati krisitalo, ndipo imasungunuka pa madigiri 18. Koma kawirikawiri amakana kufola. Amangonka nalimba ngati uchi mpaka cha pa madigiri 83 pansi pa ziro, n'kuumiratu mamolekyulu ali balalabalala. Limeneli ndiye galasi, ngakhale si la pawindo.

Makolo amene munaumbitsapo njerwa mumva msanga. Krisitalo ili ngati njerwa zosanja, galasi ngati njerwa zomwezo zitangokhuthulidwa m'ngolo.

Mu 1912 Peter Debye anafotokoza za krisitalo yozizira kwambiri: makelvin akatsika ndi theka, kutentha kofunika kuti itenthe ndi digiri imodzi kumatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Anthu ankaganiza kuti galasi nalo limatero. Koma mu 1971 Zeller ndi Pohl a ku Cornell University ku America anayeza magalasi angapo, napeza kuti pansi pa kelvin imodzi lamuloli silikwanira. Makelvin akatsika ndi theka, nambala ija imangotsika pafupifupi ndi theka basi. Choncho kukamazizirabe, galasi limadya kutentha kochuluka zedi kuposa krisitalo ya chinthu chomwecho.

Kutenthako kumapita kuti? Chaka chotsatira Anderson, Halperin ndi Varma, komanso Phillips payekha, anayankha motere. Pamulu wa njerwa zokhuthula sipalephera ina yogwedera, yotha kupendekera uku kapena uko. M'galasi mulinso timagulu ta maatomu tokhala ndi malo awiri, ndipo tikamasuntha timameza kutentha. Fanizoli lili ndi malire: maatomuwo sakwera chotchinga chili pakati, amachidutsa mwa malamulo a quantum, zimene njerwa singachite.

Kwa ine umboni wogwira mtima ndi wa ethanol, umene Miguel Ramos ndi anzake anapeza ku Madrid. Ethanol ali ndi kaumidwe kachitatu: mamolekyulu amafola ndithu, koma aliyense akuyang'ana kwake, ngati ana pa asembule aphunzitsi asanafike. Atayeza, anapeza kuti kaumidwe kameneka kamadya kutentha pafupifupi ngati galasi. Ndiye kuti vuto si mzere wokha, komanso kumene molekyulu yalozera.

Wina afunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji. Madzi a m'thupi akauma ngati krisitalo amang'amba maselo. Mu 1949 ku London, Polge, Smith ndi Parkes anapeza kuti gilisalini amateteza maselo pouma, ndipo mpaka lero amasungira magazi ndi umuna wa ng'ombe. Amene akupanga makompyuta a quantum nawo akulimbana ndi timagulu togwedera tomweti, chifukwa timasokoneza zida zawo.

Funso loti muyese Lolemba lisanafike: kachidutswa ka krisitalo kamafuna majoule 16 kuti katenthe ndi digiri imodzi pa makelvin 4. Kadzafuna angati pa makelvin 2? Lembani ndi njira yomwe, osati yankho lokha.